Mmene mungaphunzitsire ana za tizilombo tosaoneka ndi maso popanda maikulosikopu

Mukudziwa mmene kumatenthera kuno ku Mangochi mu Okotobala, ndiwo za nsomba ukangoiwala kutenthetsa usiku mmawa umapeza zasintha kale fungo. Ndiye tsiku lina zinachitikadi kunyumba, mwana wa achemwali anga wa sitandade 4 nkundifunsa kuti anti, utaka uja wawonongeka bwanji poti mphika unali wovindikira? Ine osaganiza kawiri ndinangoti ndi tizilombo. Mwana uja anapita kukavundukula mphika, kusuzumira bwinobwino mpaka kutakasa ndi sipuni, kenako nkubwera kudzandiuza kuti anti mwanama, mulibemo kachilombo olo kamodzi. Iyeyo amafunafuna nyerere kapena mphemvu, ndipo sanalakwe ayi, chifukwa mawu athuwa ndi amodzi omwewo, nyerere ndi kachilombo, nankafumbwe ndi kachilombo, koyambitsa kolera nakonso timati kachilombo.

Kuyambira pamenepo ndinasiya zomangouza ana kuti sambani mmanja muli majeremusi, chifukwa mwana amayang'ana mmanja mwake naona kuti ndi moyera ndiye amangoti akuluakuluwa akufuna kutivutitsa basi. Pano Loweruka masana ndimasonkhanitsa ana a pamudzi pansi pa mtengo wa mango nkumachita nawo zoyeserera, ndipo zomwe ndilembe apazi ndi ndondomeko yomwe ndimatsata. Maikulosikopu, makina aja okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso, ndilibe ndipo ndikudziwa kuti ambirinu mulibe. Koma anthu olima madimba mmbali mwa Shire mvuu saiona ikamadya usiku, mmawa amangopeza mapazi ndi chimanga chothyoka nkudziwa kuti yadutsa. Ana tiwaonetse mapazi a tizilomboti basi.

Zofunika ndi za mnyumba momwemo, mabotolo apulasitiki a 500ml atatu, kapaketi ka yisiti ija yophikira mandasi, shuga, mabaluni, buledi, mapepala apulasitiki oonekera mkati ngati amene mumabwera shuga aja, selotepi, chimanga chotong'ola mbale imodzi, mafuta ophikira pang'ono, makala, sopo, rula ndi kope loti ana azijambulamo zomwe aona. Chogula chenicheni apa ndi yisiti, mabaluni ndi buledi, zinazo mutola.

Loweruka loyamba yambani ndi rula. Mwana aliyense aone timizere tating'ono tija, mumuuze kuti kuchoka pa kamzere kamodzi kufika pa kanzake ndi milimita imodzi, ndiye muwafunse kuti pampata umenewo pangakwane chani. Ena ati mchenga, ena ati dzira la nsabwe. Kenako muwauze kuti mabakiteriya ang'onoang'ono atati afole pamzere ngati ana pa asembule, pampata womwewo akhoza kukwanapo pafupifupi 1,000, ndipo mavayirasi ndi ang'ono kuposa pamenepo, ambiri mwa iwo kakhumi kapena kuposa. Musathamange apa, asiyeni akangane kaye, wina anena kuti bodza ndipo ndi bwino anene.

Mukatero tengani kachidutswa ka pulasitiki woonekera mkati, muyale pa nyuzi kapena pa buku, mudontheze dontho limodzi la madzi pamwamba pa chilembo, ndiye munyamule pulasitikiyo pang'ono. Chilembo chija chioneka chachikulu. Bakiteriya simumuona ndi dontho la madzi ayi, ndisakunamizeni, koma mwana amvetsa kuti chinthu chobulungira choonekera mkati chimakulitsa zinthu, ndipo apa mpamene ndimawauza nkhani ya Antonie van Leeuwenhoek. Bambo ameneyu sanali dokotala, anali wogulitsa nsalu mu tauni ya Delft ku Netherlands, ndipo amapanga yekha timagalasi tating'ono kwambiri. Mu 1674 anayang'ana madzi a mnyanja ina yaing'ono ya kwawoko napeza tinthu tamoyo tikusambira, mu 1676 analembera a bungwe la asayansi la Royal Society ku London za tinthu tina tating'ono kuposa apo, ndipo mu 1683 anapala zoyera zija za mmano nkupezamonso tikuyendayenda. Ana amaikonda ya mmanoyi, amayamba kuyang'anana mkamwa kkkk.

Tsiku lomweli muwapatse magulu ake koma osawapanikiza kuloweza. Pali mabakiteriya, amenewa ndi omwe amayambitsa kolera, TB ndi taifodi komanso ndi omwewo, a mtundu wina, amene amasandutsa mkaka kukhala chambiko. Pali mavayirasi monga a chikuku, poliyo, chimfine ndi HIV, amenewa paokha sangaswane mpaka atalowa mu selo ya chinthu chamoyo, maselo ndi tizigawo tating'onoting'ono tomwe timapanga thupi. Pali a mtundu wa bowa, muli yisiti, chuku ndi kamene kamayambitsa zipere mmutu. Ndiye pali gulu lina la tizilombo ta selo imodzi tokulirapo kuposa bakiteriya, mmenemo ndi momwe muli ka malungo kotchedwa Plasmodium. Ine ndimagawa anawo mmagulu anayi, gulu lililonse litenge dzina, ndipo mayinawo amakhala nawo mpaka mwezi kutha moti pamsewu umamva akuitanana kuti iwe vayirasi tabwera.

Loweruka lachiwiri ndi la yisiti, ndipo ndimaliika msanga dala. Mukayamba ndi matenda okhaokha ana amangogwidwa mantha, wina kunyumba amakakana kudya kapena kugwirana chanza ndi anganga ake, pamene zoona zake nzoti tizilombo tambiri tilibe nafe chifukwa ndipo tina timatithandiza kumene.

Tengani mabotolo atatu aja muwalembe 1, 2, 3. Mu botolo 1 thirani madzi ofunda kufika theka, ofunda oti chala chikhoza kukhalamo osapsa, muthiremo masipuni a tiyi awiri a shuga ndi sipuni imodzi yodzadza ya yisiti. Mu botolo 2 madzi ofunda omwewo ndi yisiti koma shuga ayi. Botolo 3 limafuna munthu wamkulu, ikani yisiti mu kapu muthiremo madzi owira kumene ochoka pamoto, mudikire azizire kufika pofunda, kenako muthire mu botolo nkuonjezera shuga masipuni awiri. Osathira madzi owira mu botolo la pulasitiki mwachindunji limakwinyika. Khutchumulani onse, ndiye mabaluni muyambe mwawapopa ndi kuwaphwetsa kawiri katatu kuti afewe, kenako muvundikire pakamwa pa botolo lililonse. Ikani pamthunzi pofunda, osati padzuwa lathu lino la masana.

Musanadikire, funsani mwana aliyense alosere kuti baluni iti ifufuma ndipo alembe mkope. Ichi musachidumphe, chifukwa sayansi yake ili pamenepa, kuganiza kaye kenako kuona ngati unalondola. Pakatha mphindi 20 mpaka ola limodzi botolo 1 lichita thovu ndipo baluni yake iimirira, botolo 2 lingochita pang'ono kapena osachita kanthu, botolo 3 lingokhala zii. Ndiye afunseni, wapopa baluniyi ndani? Yisiti ndi yamoyo, yadya shuga nkutulutsa mpweya wa carbon dioxide, mu botolo 2 inalibe chakudya, mu botolo 3 tinaipha ndi madzi owira. Mugule mandasi awiri atatu muwang'ambe pakati ana aone timabowo tija, ndi mpweya womwewo unafufumitsa ufa. Muwakumbutsenso thobwa, tsiku loyamba limakhala lotsekemera, likagona masiku awiri atatu layamba kuwawasa ndi kuchita thovu, palibe amene wathiramo mandimu, ndi tizilombo tikudya shuga wochokera ku chimera.

Botolo 3 ndi lomwe ndimalikonda kwambiri ngakhale silichita kanthu, chifukwa mwana akaliona safunanso kumuuza chifukwa chomwe timawiritsira madzi akumwa kapena kutenthetsa ndiwo. Louis Pasteur wa ku France ndi amene anaonetsa cha mma 1860 kuti msuzi wowiritsa suwonongeka ngati fumbi ndi tizilombo ta mumpweya sitikulowamo, kutanthauza kuti tizilombo sitimangobadwa tokha mchakudya, timachita kuchokera kwina. Mukapeza paketi ya mkaka wa mshopu muwaonetse mawu oti pasteurised, ndi dzina la bamboyo limenelo.

Ngati yisiti yanu sinachite kanthu olo mu botolo 1, nthawi zambiri ndi yakale kapena madzi anatentha kwambiri. Zinandichitikirapo ndi yisiti yopima ya pamsika, ana 14 atakhala phee kudikira baluni yosadzuka mpaka ena kuthawira ku mpira. Pano ndimayesa ndekha Lachisanu madzulo.

Tsiku lomwelo musanabalalike konzani za buledi chifukwa zimafuna masiku. Magawo atatu a buledi, abwino ndi wa ku bekale ya pafupi kapena sikono, chifukwa wina wa mmapaketi amachedwa kuchita chuku. Gawo loyamba mulitenge ndi foloko yoyera kapena dzanja lovala pulasitiki nkuliponya mu pepala la pulasitiki osalikhudza. Lachiwiri aligwire mwana amene wasamba mmanja ndi sopo bwinobwino. Lachitatu lidutse mmanja mwa ana onse amene angochoka kosewera, aligwire mbali zonse. Lililonse mudonthezere timadontho tiwiri titatu ta madzi owiritsa ozizira, mutseke ndi selotepi zolimba, mulembe tsiku, muike pamalo a mdima pomwe makoswe ndi nkhuku sizifika. Ana azibwera kudzaona tsiku lililonse ndi kujambula, kutentha kwa kuno pakatha masiku atatu mpaka asanu zimakhala zayamba.

Lamulo ndi limodzi ndipo ndimalinena mokalipa, mapepalawo satsegulidwa, osanunkhiza, osagwira mkati. Mukamaliza muponye mchimbudzi chokumba kapena muwotche ali chitsekere. Mwana wa chifuwa cha mphumu asayandikire ngati pepala labooka.

Kawirikawiri gawo lachitatu limayamba ndilo ndipo limachita mitundu yambiri, zobiriwira, zakuda, zoyera ngati thonje. Koma nthawi ina kwa ine linayamba ndi loyamba lija losagwiridwa, ana nkundiseka kuti ndiye kusamba mmanja nkopanda ntchito eti. Musabise zikatero ndipo musasinthe mapepala mwakabisira. Afunseni kuti mwina chachitika nchani, iwo okha anena kuti mwina pepala linali lakuda, mwina buledi anagwiridwa kale kogulitsa, mwina zinagwera kuchokera mumpweya. Ndiye mubwereze ndi magawo awiri awiri. Muwauzenso chilungamo kuti zomwe zikuoneka pa buledizo zambiri ndi chuku, za mtundu wa bowa, mabakiteriya aliponso koma saonekera chonchi.

Pa chuku pali nkhani ziwiri zoti muwauze. Yoyamba, mu 1928 Alexander Fleming ku London anapeza kuti kambale kake komeretsera mabakiteriya kagwidwa chuku, ndipo mozungulira chukucho mabakiteriya sanamere, mmenemo ndi momwe munachokera penicillin, kholo lake la amoxicillin amene timamudziwayu. Mankhwala a mtundu umenewu amapha mabakiteriya basi, vayirasi ya chimfine saigwira, ndiye chizolowezi chogula makapisozi awiri pa okala mwana akangoyetsemula chija sichichiza kanthu, chimangothandiza mabakiteriya kuzolowera mankhwala. Yachiwiri ndi yoti chuku china cha pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuchotsa. Mtedza wofota wowawa uja timapatsa ana kapena kusinja nsinjiro poti sungagulike, umenewo ndi wotaya.

Loweruka lachitatu mukatha kuona buledi tengani chimanga chija. Apa ndi masamu koma musawauze kuti ndi masamu. Bakiteriya saikira mazira ndipo sabereka, amangokula nkugawika pakati kukhala awiri, ndipo ena monga E. coli akapeza chakudya, chinyezi ndi kufunda amagawika pa mphindi 20 zilizonse. Jambulani mabwalo pansi, bwalo loyamba njere imodzi, muombe mmanja nkunena kuti mphindi 20 zatha, bwalo lachiwiri njere 2, kenako 4, 8, 16, 32, 64. Poyamba ana amaona ngati zachibwana, akafika pa 256 ayamba kuitana anzawo adzawathandize kuwerenga, pa kugawika kwa nambala 10 ndi 1,024 ndipo apo ndi maola atatu ndi mphindi 20 zokha. Pamenepo siyani chimanga mutenge foni muwerengere limodzi, pa maola 7 ndi kugawika ka 21, zomwe zikupereka 2,097,152 kuchokera kwa mmodzi.

Ndiye muwafunse kuti nsomba yafika pa doko 6 koloko mmawa, yakhala mu beseni popanda ayisi mpaka 1 koloko masana, ndi maola angati? Apa ana a kunyanja amakuposani, akuuzani okha za maso a chambo akachita mbuu, makha akasiya kufiira, mimba ikafewa. Ndipo njira zonse zomwe makolo awo amachita kale zikhala ndi tanthauzo, usipa pa thandala tikuchotsa madzi kuti tizilombo tisowe chinyezi, usipa wofutsa wayamba waphedwa tizilombo ndi madzi otentha kenako kuuma, kuwamba ndi moto ndi utsi, mchere umakoka madzi, ayisi sapha koma amachedwetsa kugawika kuja. Mtsikana wina amene mayi ake amagulitsa nsomba anandiuza kuti ndiye kuti amayi anga ndi asayansi, ndinati eya ndithu kawauze.

Loweruka lachinayi ndi la manja ndi madzi, ndipo limeneli kuno silamasewera chifukwa tonse tikukumbuka kolera ija inayamba mu Malichi 2022 ku Machinga nkufalikira dziko lonse mpaka 2023, inapha anthu oposa 1,700 ndipo Mangochi inali mwa maboma omwe anavutika kwambiri. Pagulu lanu pakhoza kukhala mwana amene anataya wachibale, ndiye yankhulani mofatsa, osachita nthabwala za kutsegula mmimba tsiku limeneli.

Perani makala akhale ufa musakanize ndi mafuta ophikira pang'ono, mupake mmanja mwa mwana mmodzi, ameneyo ndi amene wachoka kuchimbudzi osasamba. Apereke moni wa chanza kwa mnzake, mnzakeyo kwa wina, mpaka ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, wina agwire kapu, wina agwire chitseko. Kenako onse atambasule manja muone pomwe zakuda zafika. Mukatero ikani beseni limodzi la madzi asambemo onse motsatizana ngati mmene timachitira pa nsima, wamkulu kuyamba wamng'ono kumalizira, ndiye wotsirizayo ayang'ane madzi amene akusambamo. Sipafunika kufotokoza. Gulu lina lisambe mothirirana ndi jagi kapena birika koma popanda sopo, aona kuti mafuta aja sakuchoka, gulu lomaliza mothirirana ndi sopo, kupaka kuseri kwa manja, pakati pa zala, zala zazikulu ndi mzikhadabo kwa masekondi osachepera 20. Kuthirirana ndi birika kuno anthu ambiri anazolowera kale, chongoonjezera ndi sopoyo basi. Sopo akasowa phulusa ndi bwino kusiyana ndi madzi okha. Ngati nthawi ilipo pangani nawo mpondagiya pafupi ndi chimbudzi, kagaloni kobooledwa, chingwe ndi mtengo wopondapo, akapanga okha amaugwiritsa ntchito ndipo amalondera kuti wina asabe sopo.

Pali kena kamene kamayenda pa Facebook ndi TikTok, kothira tsabola wopera pamadzi nkuviika chala cha sopo tsabola nkuthawira mmbali, amati majeremusi akuthawa sopo. Nkosangalatsa koma si zoona, tsabolayo akusuntha chifukwa sopo wasintha kukokana kwa madzi a pamwamba, majeremusi sathawa chonchija, sopo amamasula mafuta ndi litsiro pomwe akakamira kenako madzi nkuwakokolola. Ine sindikachita, ndi bwino makala omwewo.

Za madzi chitani chonchi, matambula awiri oonekera mkati, onse madzi abwino akumwa, limodzi musungunulemo mchere ana asakuona mpaka usaoneke. Afunseni kuti abwino ndi ati, ayang'ana mpaka kutopa, kenako mmodzi alawe ndi nsonga ya lilime. Madzi kuoneka oyera sikuti mulibe kanthu, ndipo a mnyanja yathuyi amaoneka oyera kwambiri moti munthu umaona mchenga pansi, nchifukwa chake anthu amangomwa. Kolera imayenda pamene chimbudzi cha wodwala chafika mmadzi kapena mchakudya. Mu 1854 dokotala wina John Snow ku London anayenda khomo ndi khomo kulemba pomwe anthu amamwalira ndi kolera, napeza kuti ambiri amatunga pa mjigo umodzi wa mu Broad Street, ndipo akuluakulu a deralo anachotsa chogwirira cha mjigowo. Anachita zimenezo osakaona kachilomboko, anangotsata mapazi ngati a mvuu aja. Ana akuluakulu a sitandade 7 ndi 8 mukhoza kuwapatsa ntchito yojambula mapu a mudzi, aike mijigo, zitsime, zimbudzi ndi pomwe anthu amatunga kunyanja kapena ku Shire, ndiye akambirane kuti mvula ikagwa madzi a pansi amayenda kuchokera kuti kupita kuti.

Muwaonetsenso kathiridwe ka WaterGuard kapena klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa, muyezo tsatirani wa pa botolo kapena umene alangiziwo anena, kenako kudikira mphindi 30 musanamwe. Ndipo madzi otetezedwa kale amaipanso ngati aliyense akuviika kapu ndi zala zomwe mu ndowa, pakhale kapu imodzi ya chogwirira yotungira yokha, yomwera ina. Aliyense wa zaka 10 kupita mtsogolo adziwenso kusungunula Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino, mabotolo awiri a 500ml aja ndiye lita, ndipo wotsegula mmimba kwambiri azimwa ali pa ulendo wa kuchipatala osati kudikira kunyumba.

Likodzo ndimaliikamo ngakhale kwenikweni si bakiteriya kapena vayirasi, ndi nyongolotsi, koma pamene ikulowa mthupi imakhala yaing'ono yoti mmadzi simungaione ndipo ana athu a ku Makawa, Malindi, Monkey Bay, Chembe ndi kuzungulira Malombe amakhalira mmadzi tsiku lonse. Dzina lake la Chingerezi loti bilharzia linachokera kwa Theodor Bilharz amene anaipeza nyongolotsiyi ku Cairo mu 1851. Iyi timachita sewero. Mwana mmodzi ndi wodwala amene wakodzera mnyanja, ana atatu ndi mazira amene aswa nkusambira kufunafuna nkhono, wina wafunda chitenje ndiye nkhonoyo, alowa mchitenjemo, tiwerenge kuti padutsa masabata angapo, kenako atuluke ambiri kuposa amene analowa nkukagwira mwendo wa wina amene akutsuka mbale kapena kusambira, chifukwa zimalowera pakhungu osati pakumwa pokha. Ndiye mufunse oonerera kuti tingadule pati? Ayankha okha, osakodzera mmadzi, kumwa mankhwala a praziquantel akabwera kusukulu ndipo kumwa utadya kaye chifukwa pamimba ya njala amazunguza, kupewa malo a bango ndi udzu pomwe nkhono zimachuluka. Anyamata muwauze poyera kuti kukodza magazi si chizindikiro cha kukula ayi, ndi matenda ndipo mankhwala ake alipo. Kuwauza kuti asiye kusamba kunyanja nkutaya nthawi, ndinayesapo, sizitheka.

Malungo ndimangodutsamo mwachidule poti amawadziwa kale, chongokonza ndi choti udzudzu si umene uli matenda, ndi galimoto chabe yonyamula Plasmodium kuchoka kwa wodwala kupita kwa wina, zomwe Ronald Ross anazitsimikiza ku India mu 1897, ndipo sikuti amabwera chifukwa chonyowa ndi mvula kapena kudya mango osapsa. Apa mpamene nkhani ya neti yopita kukawedzera usipa mmalo mogonamo imatuluka yokha, ana amaulula zambiri, inu mungomva osafunsa kuti kwa ndani.

Chomaliza chimadikira dzinja. Mu Januwale kapena Febuluwale mtedza kapena soya zikamayandikira maluwa, pemphani mwini munda muzule phata limodzi mokumba ndi khasu kuti mizu isaduke, muviike mmadzi dothi lichoke. Pamizu muona timibulu tating'ono tambirimbiri. Zulaninso chimanga chimodzi chofooka muyerekeze, chilibe. Dulani kambulu kamodzi ndi lezala, wamkulu ndi amene adule, ngati mkati muli mofiirira ngati nyama ndiye kuti mabakiteriya a mtundu wa rhizobia ali pantchito, akutenga nitrogen wa mumpweya nkumupatsa mbewu, nitrogen yemweyo amene timagula mu thumba la urea. Nandolo nayenso ali nato, nchifukwa chake alangizi amalimbikira kasinthasintha ndi kuphatikiza nandolo mchimanga. Kusiyanitsa kwake ndi matenda a mizu nkosavuta, timibulu tabwinoti timakhala mmbali mwa muzu ndipo timathothoka mukatikanda ndi chikhadabo, pamene zotupa za matenda zimakhala kuti muzu weniweniwo ndi umene watupa.

Ngati pafupi nanu pali chipatala chokhala ndi labu, pitani nokha kaye mukapemphe kwa oyang'anira ngati angalole ana ochepa, asanu kapena asanu ndi mmodzi, kudzasuzumira mu maikulosikopu tsiku lomwe kulibe odwala ambiri. Akalola, tengani madzi a pachithaphwi chobiriwira mu kabotolo kotseka, otunga ndi inuyo osati ana ndipo musambe mmanja mukatha, chifukwa mmadzi otero ndi momwe mumaoneka tinthu tikuthamangathamanga ngati tomwe anaona wogulitsa nsalu uja. Anawo atenge makope awo ndi pensulo, ndipo muwauziretu kuti diso limodzi pa galasi, manja kumbuyo, osapotokola chilichonse pa makinawo.